Lamlungu lina ku Joni: zomwe mnzathu anayankhula pa msonkhano wa kalabu

Anzanga, ambiri mwakhala mukundifunsa za ndalama za ku Joni. Lero ndikuuzeni zina.

Chaka choyamba ku Pretoria ndinkangodziwa dimba la abwana ndi kachipinda kanga basi. Juni ndi Julayi kumazizira ngati kuno ku Linthipe, udzu kuchita kuwauka ndi chisanu. Koma Seputembala akangolowa, eee, dziko limadzuka. Pofika Okutobala mitengo ya jakaranda imachita maluwa, misewu yonse pepo.

Lamlungu lina anyamata a ku Mangochi anandikoka kuti tikayende ku Hartbeespoort, damu lalikulu m'mapiri a Magaliesberg. Ndinakana kaye: ya thiransipotiyo si ikanagula shuga wa amayi? Tinapitabe. Tinakhala pamthunzi, kudya buledi ndi tchipisi, kuseka mpaka dzuwa kupendeka. Usiku umenewo ndinagona tulo koyamba patatha miyezi.

Kumeneko bambo wina atamva kuti kwathu ndi ku Dedza anandifunsa za zojambula za m'mapanga a Chongoni, zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wake mu 2006. Manyazi! Ndinakulira m'munsi mwa phiri lomweli, koma sindinaziwonepo.

Ndiye a tcheya, tisanatanganidwe ndi kusosa, bwanji Loweruka likubwerali tikwere ku Chencherere? Aliyense atenge madzi ndi mbatata yowotcha.