Mtsikana wa ku Chitipa naye akaphunzire malamulo kunja

(Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa amayi ndi atsikana pa Boma la Chitipa)



Chaka chatha ndinaperekeza mayi wina wamasiye wa ku Misuku amene alamu ake anamulanda munda wa khofi maliro asanathe n'komwe. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda kotere ndi mlandu. Koma lamulolo lili m'Chingerezi, mayiwo amalankhula Chisukwa. Analibe loya woti awamvetse m'chilankhulo chawo. Anatopa, n'kungozisiya.

Ndiye ndikufunsa: maloya achikazi odziwa Chilambya, Chindali, Chisukwa kapena Chinyiha adzachokera kuti ngati sitiwatulutsa ife tomwe?

Njira ilipo. Imayambira pa MSCE yabwino, makamaka Chingerezi, kenako digiri ya malamulo, monga ya ku University of Malawi ku Zomba. Koma sithera pomwepo ayi.

Uli pasukulu, pali mpikisano wa khoti loyeserera la ufulu wa anthu umene amakonza a Centre for Human Rights a ku University of Pretoria. Umachitika chaka ndi chaka m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa. Yunivesite imatumiza ophunzira awiri, ndipo okonzawo amalimbikitsa kuti mmodzi akhale wamkazi. Mpando umenewo usapite kwa wina chifukwa choti iwe unachita manyazi.

Ukamaliza digiri, ku Pretoria komweko kuli maphunziro a masitazi a za ufulu wa anthu ndi demokalase mu Africa, amene anayamba mu 2000. Theka la chaka umaphunzira ku South Africa, theka linalo amakutumiza ku yunivesite ina, monga Makerere ku Uganda kapena Eduardo Mondlane ku Mozambique. Palinso Chevening ya boma la Britain: imalipira masitazi a chaka chimodzi, koma imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo ukamaliza umabwerera kwanu.

Tsono zotchinga tikuzidziwa. Pasipoti imafuna ndalama ndi ulendo wa ku Mzuzu. Mafomu ali pa intaneti, pamene ku Nthalire kapena Kameme netiweki mpaka ukwere pachulu. Koma chotchinga chachikulu chili m'nyumba mwathu: "Akapita kunja adzakwatiwa ndi ndani?" Abambo, mwana wamwamuna akamatsika ku Tunduma kukaoda katundu simufunsa funso limeneli. Bwanji wamkazi akafuna kukatenga maphunziro?

Kumbukirani kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Kumbukiraninso kuti Mayi Anastasia Msosa anakhala mkulu wa majaji onse m'Malawi muno mu 2013. Nawo anayambira pa desiki, basi.

Pempho langa ndi ili. Magulu athu a banki m'khonde, tiyeni tizipatula kangachepe ka pasipoti ndi bandulo ya mtsikana amene wasankhidwa. Ife amene tinadutsa ku yunivesite tizikhala nawo pansi polemba mafomu. Atsikana, sungani bwino masatifiketi, ndipo muyambe kukonzekera nthawi idakalipo, osati tsiku lotseka.

Munda wa mayi uja sunabwerere mpaka lero. Wina mwa inu akaphunzire, adzabwere kudzauitanitsa.