ZA FUNSO LOTSIMIKIZA POLOWA M'MAKOMPYUTA A SUKULU

 Nkhani imene ndapatsidwa ndiyo ya makompyuta amene afika m'masukulu ena a kumidzi, amene mmisiri wace sakhala nafe, koma awasamala ali kutali, kaya ku Chipata kaya ku Lusaka, nalowamo pa intaneti ndi mapulogramu onga TeamViewer kapena AnyDesk. Makamaka ndinena za funso lija lotsimikiza limene litiimitsa polowa, limene ambiri a ife tiipidwa nalo.

Kwathu mlendo akafika usiku nati "Odi", mwini nyumba satsegula msanga, koma ayamba wafunsa kuti ndinu yani. Tsono kompyuta sidziwa nkhope kapena liu la munthu wolowa ali kutali. Ilandira dzina ndi mau acinsinsi okha, ndipo mau amenewa munthu wina angathe kuwaba. Cifukwa cace anaonjezapo funso laciwiri, ndilo nambala yotumizidwa ku foni, kapena manambala 6 amene pulogramu ya m'foni iwasintha pa masekondi 30 ali onse. Wakuba mau acinsinsi, ngati foniyo alibe m'dzanja, angoima panja.

Kuti funso ili siliri lacabe cinaoneka ku America m'caka ca 2021. Kampani ya Colonial Pipeline, yoyendetsa mafuta m'mipope, inali ndi khomo lina lakale lolowera anchito akutali, lotsekedwa ndi mau acinsinsi okha. Mbala zinalowera pomwepo, mafuta analeka kuyenda masiku angapo, ndipo kampaniyo inalipira mbalazo madola oposa 4 miliyoni. Sukulu yathu iribe mafuta, koma iri ndi maina a ana, malikisi ao, ndi mafunso a mayeso amene sanalembedwe.

Komabe mlonda wabwino angathe kutsekera kunja mwini nyumba yemwe, ngati mwiniyo sanakonzeke. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo, nambala yotsimikiza inali kupita ku foni ya mphunzitsi wamkuru. Iwo atasamutsidwa anapita ndi foni yao, monga kuyenera, ndipo sabata yotsekera sukulu tinapeza kuti sitingathe kutsegula malikisi a ana. Tinawaimbira, koma kumene anapita netiweki inali yobvuta, ndipo nambala pofika kwa ife inali itatha kale mphamvu. Makolo anabwerera opanda malipoti a ana ao. Colakwa sicinali ca makina iai, cinali cathu, pakuti tinasiya mfungulo ya sukulu yonse m'thumba la munthu mmodzi.

Tsono ndikupemphani zinthu zinai.

Coyamba, pa sukulu iri yonse pakhale anthu awiri okhoza kulowa, yense ndi dzina lace ndi foni yace. Pemphaninso mmisiri akuonetseni manambala osungira tsiku latsoka. Iri yonse ya manambala amenewa igwira nchito kamodzi kokha. Alembeni pa pepala, muwaike m'envulopu, ndi kuwatsekera m'kabati ya mu ofesi. Mphunzitsi akasamutsidwa, dzina lace licotsedwe tsiku lomwelo limene apereka makiyi.

Caciwiri, kumene netiweki iri yofooka musadalire uthenga wa pa foni, umene ucedwa m'njira. Pemphani pulogramu yonga Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator. Ikaikidwa m'foni ipanga manambala ngakhale popanda netiweki, pakuti iwerengera pa nthawi. Koma cifukwa ca comweco koloko ya foniyo iyenera kukhala yolondola.

Cacitatu, yang'anani tsiku ndi nthawi pa kompyuta yeniyeniyo. M'kati mwace muli kabatire kakang'ono kosunga nthawi pamene magetsi azima. Kakatha mphamvu, tsiku libwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo masamba otetezedwa a pa intaneti akana kutseguka. Musanaitane mmisiri kucokera kutali, konzani tsikulo, muyesenso.

Cacinai, ndico cacikuru, monga makina atifunsa ife, ifenso tifunse wofuna kulowa. M'caka ca 2022 kampani ya Uber inaloweredwa ngakhale inali nalo funso laciwiri. Mbala, itapeza mau acinsinsi a munthu wina wogwirira nchito kampaniyo, inayesa kulowa kawirikawiri, ndipo foni ya munthuyo inamfunsa kosaleka ngati abvomera, kufikira anabvomera kamodzi. Foni yanu ikakufunsani cotero pamene inu simuli kulowa, kanani, musinthe mau acinsinsi, ndi kuuza mmisiri.

Tiyenera kusiyanitsa manambala awiri. Nambala imene TeamViewer kapena AnyDesk ionetsa pa kompyuta, mmisiri aifunadi kuti alowe. Koma mumpatse pokhapokha mutamuimbira inu nokha pa nambala yace imene muidziwa, pa tsiku limene munapangana. Khalani pomwepo kuona zimene acita, ndipo akatha tsekani. Koma nambala yobwera ku foni yanu yotsimikiza dzina lanu ndi yanu nokha, monga PIN ya ndalama za pa foni. Munthu woipempha, ngakhale alankhule mwaulemu natchule dzina la mishoni, musampatse. Mmisiri woona sakwiya mukamfunsa. Wofulumizitsa ndiye wokayikitsa. Akuru anati, safunsa anadya phula.

Aphunzitsi anzanga, makolo anatipatsa ana ao, ndipo pamodzi ndi anawo tasunga mbiri ya nchito yao ya caka conse. Pobwerera ku masukulu athu, yense afunse funso limodzi sabata ino: kodi foni ya mphunzitsi wamkuru ikataika mawa, adzatsegula ndani? Ngati yankho palibe, konzani mayeso asanafike.