Mliri Tiukonzekere Usanafike: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Zaumoyo ku Rufunsa

Ndabwera ndi mfundo imodzi yokha: ntchito yodziteteza ku mliri imagwiridwa mliriwo usanafike, ndipo imafuna zinthu ziwiri, katemera ndi ukhondo, zimene china sichingalowe m'malo mwa chinzake.

Wina angafunse kuti tikudzutsiranji nkhani yomwe inagona kale. N'zoona kuti pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti COVID-19 salinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse lapansi, ndipo masiki tinavula. Koma taganizani za malo amene tikukhala. Msewu wa Great East wadula boma lathu pakati. Usana ndi usiku mukudutsa mabasi a ku Petauke, ku Katete, ku Chipata mpaka ku Lilongwe, ndi malole ochokera ku malire a Mwami ndi Chanida. Oyendetsa amatsika kudzadya, apaulendo amagula makala m'mbali mwa msewu ndi nsomba zouma pa Luangwa Bridge, anyamata athu amalawirira ku Soweto Market ndi katundu n'kubwerako madzulo, ndipo kumigodi ya golide kumafika anthu ochokera kutali. Msewu umenewu ndi umene umatidyetsa, palibe amene akufuna utsekedwe. Komabe kachilombo kalikonse kofika mu Lusaka kangathe kupeza basi yobwera kuno tsiku lomwelo. Anthu awiri oyamba kupezeka ndi COVID-19 mu Zambia analengezedwa pa 18 Marichi 2020, atangobwera kuchokera ku France. Chaka chisanathe, matendawa anali m'zigawo zonse za dziko lino.

Alipo amene amati mliri uja unali wa anthu a m'tauni ndi olemera, kuno kumudzi sitinaone maliro ake. Mawu amenewa tisawanyoze, chifukwa chiwerengero cha boma cha omwalira, chomwe chinangopitirira pang'ono 4,000, n'chochepadi poyerekeza ndi cha mayiko ena. Koma chiwerengero chimangowerenga amene anayezedwa. Pakati pa Juni ndi Seputembala 2020, akatswiri a kuno kwathu mogwirizana ndi anzawo a ku Boston University anayeza mitembo 364 ku mochale ya chipatala cha UTH, ndipo 70 inapezeka ndi kachilomboka. Ambiri mwa anthu 70 amenewa anamwalirira kunyumba, osayezedwapo ali moyo. Ngati zinatero mu Lusaka, momwe muli zipatala zikuluzikulu, nanga kumudzi wotalikirana ndi chipatala cha St Luke's ku Mpanshya, kumene gogo akatsokomola sabata imodzi n'kutisiya timangoti ndi ukalamba, kapena ndi shuga wawo uja? Tikumbukirenso Juni ndi Julayi 2021, pamene mtundu wa Delta unadzaza zipatala mpaka mpweya wa okosijeni kuperewera. Munthu wa kuno amene akanafuna mpweya nthawi imeneyo akanaupeza movutikira kuposa wa ku Lusaka. Kutalikira kwathu sikutitchinga ku matenda. Kumangotitalikitsa ndi thandizo.

Tiyambe ndi katemera, popeza ndi amene anthu amamukayikira kwambiri. Katemera sachiza munthu amene wadwala kale. Ntchito yake ndi kulangiza thupi likadali bwino: amalionetsa kachidutswa ka kachilombo, kapena kachilombo kofooketsedwa, kuti asilikali a m'thupi akadziwe. Tsiku limene kachilombo kenikeni kalowa, thupi silitaya masiku likudabwa, limayamba nkhondo msanga. Umboni wake tili nawo pakhomo. Achikulire ali pano akukumbukira nthomba yaikulu ija, yomwe inkapha ndi kusiya ena akhungu, ena ndi zipsera kumaso. Lero palibe mwana amene akuidziwa, chifukwa katemera anaithetsa ndipo mu 1980 inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse. Poliyo ndiye akutiphunzitsa mbali ina. Mu Ogasiti 2020 zinalengezedwa kuti Africa yathana ndi mtundu woyambirira wa kachilombo kake, koma mu Febuluwale 2022 boma la Malawi linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala nako, ndipo kachilomboko kanali kachibale ka kamene kamapezeka ku Pakistan. Pasanapite nthawi kanapezekanso m'chigawo cha Tete ku Mozambique. N'chifukwa chake munaona azaumoyo akuyenda khomo ndi khomo ndi madontho a katemera wa poliyo. Chaka chomwecho chikuku chinabuka ku Manicaland ku Zimbabwe n'kupha ana oposa 700, ambiri mwa iwo osabayidwa katemera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chikuku chimafala kwambiri moti pamafunika ana pafupifupi 95 pa 100 aliwonse akhale obayidwa kawiri kuti chisayende pamudzi. Mlimi wanzeru amalambula udzu kuzungulira nkhokwe dzinja likangotha, sadikira utsi wa moto wolusa wa mu Seputembala, ndipo amadziwa kuti akasiya kampata moto udzera pomwepo. Banja lililonse lokana katemera limasiya kampata kotero, ndipo oyamba kupsa ndi khanda lomwe msinkhu wobayidwa sunakwane ndi munthu amene chitetezo chake chafooka kale.

Funso lina limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti: nanga bwanji ena anabayitsa katemera wa COVID-19 koma anadwalabe? Anadwaladi, makamaka mtundu wa Omicron utafika kumapeto kwa 2021, ndipo amene anauza anthu kuti ukabayitsa sudzagwidwanso anawonjeza. Kachilombo kameneka kamasintha maonekedwe, ndipo mphamvu ya katemera yotchinga kuti usatenge matenda imatsika pakapita miyezi. Chimene chimakhalitsa ndi mphamvu yake yoletsa matenda kukula. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri anaonetsa zofanana: mwa anthu a msinkhu umodzi, obayidwa ankagonekedwa m'chipatala ndi kumwalira mocheperapo kwambiri kusiyana ndi osabayidwa. Kwa munthu wa m'dera la mfumu Shikabeta, kusiyana kwa kudwala masiku angapo pakhomo ndi kufunafuna galimoto usiku mpweya ukuthawa si nkhani yaing'ono.

Pali mantha enanso, ndipo ena mwa iwo ali ndi pogwira. Anthu amati katemerayu anapangidwa mothamanga. Anafulumiradi, koma akatswiri sanayambire pachabe: tizilombo ta banja limeneli anali akutifufuza kuyambira mliri wa SARS wa 2003 ndi wa MERS wa 2012, ndipo katemerayu anayesedwa pa anthu masauzande ambiri asanaloledwe. Amati ena magazi anawaundana. Zinachitikadi ndi katemera wa AstraZeneca ndi wa Johnson & Johnson, koma kwa anthu ochepa kwambiri pakati pa mamiliyoni, ndipo zinadziwika chifukwa chakuti panali anthu oyang'anira amene sanabise. Matenda enieniwo amaundanitsa magazi kawirikawiri kuposa katemera. Za kusabereka zija zilibe umboni, ndipo amayi amene anabayitsa mu 2021 ndi 2022 ndi omwewa akubwera kusikelo ndi ana kumsana. Dandaulo limene ine ndikuliona lolondola ndi la kuchedwa. Ku Britain anayamba kubaya anthu mu Disembala 2020, pomwe katemera woyamba anafika mu Zambia pa 12 Epulo 2021, wokwana 228,000 yekha kudzera mu ndondomeko ya COVAX, m'dziko la anthu pafupifupi 19 miliyoni. Mayiko olemera anadzikundikira, ndipo ife Delta anatipeza ambiri tisanabayidwe. Koma yankho la kusalungama kumeneko silingakhale kukana katemerayo akafika. Ndipo tinaonetsa kuti tingathe: Pulezidenti Hakainde Hichilema atayambitsanso ntchitoyi mu Okutobala 2021, mafumu ndi mipingo atalowapo, boma linalengeza kumapeto kwa 2022 kuti anthu 70 pa 100 aliwonse oyenera kubayidwa anali atamaliza katemera wawo.

Tsono taonani pamene ukhondo ukulowera. Kachilombo katsopano kakabuka, katemera wake amakhala palibe kwa miyezi yambiri, ndipo ife taona kuti timalandira pomalizira. M'nyengo yodikirayo, chimene tili nacho ndi manja athu, mpweya wa m'nyumba zathu ndi miyambo yathu. Tizilombo ta COVID-19 ndi chimfine tili ndi chikuto chamafuta, ndipo sopo amachisungunula. N'chifukwa chake kusamba ndi sopo kwa masekondi 20 kumasiyana ndi kungoviika zala m'madzi. Apa ndikhudze mwambo umene tonse tinakulira. Pa nthawi ya nsima, beseni limodzi limayambira kwa bambo n'kutsirizira kwa mwana wamng'ono, ndipo mwanayo amasamba m'litsiro la banja lonse asanateme mbamu. Ulemu wa mwambowu ndi wabwino, ndipo sutayika ngati wamng'ono atenga jagi n'kuthirira akulu madzi, beseni likungolandira pansi. Pamaliro ndi paukwati, pomwe anthu mazana amadya pamodzi, kusintha kokhaku kungadule njira ya matenda ambiri. Koma manja si njira yokhayo. COVID-19, chimfine ndi chikuku zimayenda mumpweya, ndipo zimachuluka pamene anthu athithikana m'nyumba yotseka. Ganizani za siwa, momwe amayi amachezera usiku wonse akuimba, mazenera ali otseka chifukwa cha chisanu cha mu Juni. Ganizani za minibasi yodzaza, kalasi ya ana ochuluka, tchalitchi cha Lamulungu m'mawa. Palibe amene akunena kuti tisiye kulira abale athu kapena kupemphera. Nkhani ndi yakuti zenera litsegulidwe, kuti m'nyengo ya mliri mwambo uchitikire panja ndipo ufupikitsidwe, ndi kuti amene akutsokomola atchinge pakamwa ndi mphuno kapena atsale kunyumba popanda womunena kuti ndi wodzikuza. Mawu otere akachoka kwa amfumu, mudzi umamva kuposa akachoka pa wayilesi.

Mayi wina angandiyankhe kuti: mukuti tisambe m'manja, madziwo ali kuti, sopoyo tigula ndi chiyani? Limeneli ndiye funso lolemera kuposa onse, ndipo yankho lake silili kwa mayiyo. Chilala cha 2024, chomwe boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinaumitsa zitsime ndi mitsinje yambiri, ndipo munthu wotunga madzi kutali sangawawononge posamba m'manja kangapo patsiku. Kolera, ngakhale kachilombo kake ndi ka mtundu wina, anationetsa mtengo wa kusowa madzi abwino: kuyambira Okutobala 2023 anapha anthu oposa 700, bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale 2024. Choncho ukhondo ndi udindonso wa ife okhala m'maofesi. Ndalama za chitukuko cha dera la phungu aliyense (CDF) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Makomiti a chitukuko a m'mawadi, mukamasankha ntchito, ikani patsogolo mjigo pa sukulu ndi pa kiliniki iliyonse, chimbudzi ndi posambira m'manja pa msika ndi poimira mabasi, ndiponso magetsi a dzuwa a firiji yosungira katemera, chifukwa katemera akatenthedwa amatha mphamvu. Pakhomo, chigubu chopachika pamtengo chopondera ndi phazi chimasambitsa banja lonse ndi madzi ochepa.

Kwa atsogoleri a mipingo ndi asing'anga ndinene mwachidule. Pemphero limalimbitsa wodwala, ndipo kufukiza ndi masamba a bulugama kapena kumwa madzi a mandimu kungapepuze mphuno ndi pakhosi. Koma sizipha kachilombo kamene kafika m'mapapo. Munthu akayamba kubanika, mutumizeni kuchipatala tsiku lomwelo, mapemphero amutsatire komweko.

Pomaliza ndikupempha zinthu zotheka sabata ino. Amayi, ndi abambo omwe, chifukwa mwana si wa mayi yekha, mukafika kunyumba tulutsani makhadi a kusikelo muone ngati mwana analandira katemera wa chikuku kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 18. Ngati pali podumpha, pitani naye ku kiliniki, sanachedwe. Okalamba ndi amene muli ndi shuga, BP kapena HIV, funsani anamwino za katemera amene akukuyenerani. Anamwino, wobwera ndi funso muyankheni mofatsa, ngakhale funsolo mwalimva kambirimbiri. Amfumu, itanitsani makomiti a zaumoyo a m'midzi yanu, muwerenge pamodzi ana amene sanabayidwe ndi mijigo imene inawonongeka, ndipo mayina a midziyo afike ku khonsolo mwezi uno usanathe.