ULENDO WA AMAI A MVANO KU DZIWE LA NKHALAMBA

Mau amene anayankhula Mlembi wa Mvano wa ku Chambe pa tsiku la chikondwerero



Za chuma mwamva kale kwa Msungichuma, ndipo za kuyendera odwala ndi amasiye afotokoza Mai Wapampando. Ine Komiti yandituma kuti ndifotokoze za ulendo umene tinayenda wopita ku mathithi a Dziwe la Nkhalamba, ndi zimene tinagwirizana titabwerako. Ndipempha kuti mundimvere mofatsa, pakuti nkhani yake ikukhudza ndowa ya madzi ya m'nyumba iri yonse.

Ife a kuno ku Chambe tinabadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Tikadzuka m'mawa timaona thanthwe la Chambe liri njo pamaso pathu. Alendo amachokera ku Ulaya ndi ku America, kulipira ndalama zambiri, kudzakwera thanthwe limeneli ndi zingwe, chifukwa liri m'gulu la matanthwe atali koposa mu Africa muno. Ena amapita mpaka pa Sapitwa, pamene ndi pamwamba kuposa malo onse m'Malawi, mamita 3,002. Koma tsiku lina pa msonkhano wathu titafunsana kuti ndi angati anafikapo pa Dziwe la Nkhalamba, manja amene anakwezedwa sanakwane ndi asanu omwe. Ena anati phirilo timalidziwa potola nkhuni m'munsi mokha. Ena anati kumeneko nkwa azungu ndi ana a sukulu. Enanso ananena poyera kuti amaopa mizimu. Pamenepo mpamene tinapangana kuti tipite tikadzionere tokha.

Tinasonkha ndalama pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri. Abambo athu ena anatiseka kuti tikabwerera panjira, koma ena anatithandiza, ndipo tiwathokoza. Linali Loweruka la mwezi wa September pamene tinakumana pa tchalichi nthawi ya 6 koloko m'mawa. Titapemphera tinanyamuka, ali yense ndi kamba wake: mbatata yophika, chinangwa, nthochi, nanazi ndi thobwa. Zovala zathu zoyera za Mvano tinazisiya kunyumba, tinangomanga zitenje ndi maduku.

Pa Likhubula pali ofesi ya za Nkhalango, ndipo pamenepo mpamene alendo amapeza anyamata operekeza anthu kuphiri ndi onyamula katundu. Anyamatawa ali ndi bungwe lao ndipo amalandira alendo mosinthana. Ife anatipatsa awiri. Titawayang'ana bwino tinapeza kuti ndi ana a m'midzi yathu yomweyi, mmodzi mwa iwo anaphunzira Sande Sukulu m'manja mwa amai ena amene ali muno lero. Tsiku limenelo zinthu zinatembenuka, mwana ndiye anakhala mphunzitsi. Asanatinyamule anatipatsa malamulo: mmodzi wa iwo patsogolo, wina pambuyo, munthu asapatuke yekha ngakhale kupita kuthengo osanena, tisasiye mapepala a pulasitiki, tisakoleze moto, ndipo tikafika pa dziwe wina asayerekeze kulowa pakati.

Njira yake ndi yokwera, ya miyala. Achinyamata amayenda ngati ola limodzi, koma ife tinatenga maola awiri chifukwa tinali kupuma kawirikawiri. Tinadutsa m'mitengo ya masuku ndi ya mombo, apusi akutiyang'ana m'nthambi. Tinali ndi anganga athu amene ndi akulu kuposa tonse m'Mvano muno. Ana ao anawaletsa kuti asapite, koma iwo anakana. Mnyamata wa pambuyo uja anawadulira ndodo, ndipo pa malo oterera amati, "Anganga, pondani pamene ndaponda inepa." Sanawafulumize ngakhale kamodzi. Amai, ulemu umene tinaona mwa anyamata aja unatikondweretsa zedi.

Mathithi tinayamba kuwamva tisanawaone. Titakhota pa thanthwe lina, nyimbo imene tinali kuimba inathera pakamwa. Madzi a mtsinje wa Likhubula amagwa kuchokera pamwamba pa mwala, oyera ngati ufa wosinja, ndi kugwera m'dziwe lalikulu lozunguliridwa ndi matanthwe osalala. M'mbali madziwo ndi oyera mbee, mwala uli wonse wa pansi kuoneka, koma pakati mpakuda bii chifukwa cha kuya. Kumudzi tinasiya dzuwa likuswa mtengo, koma pamenepo panali kamphepo kozizira, ndipo titaviika mapazi ena anakuwa kuti madziwo akuluma. Otiperekeza anatichenjezanso kuti anthu akhala akumira pa dziwe limeneli, makamaka odzitama kuti amadziwa kusambira, chifukwa kuzizira kwake kumaumitsa miyendo. Inu ana athu amene mumathawira kumeneko pa tchuthi osatsanzika, mau amenewa ndi anu.

Titakhala pansi tinafunsa za dzina la malowo. Anatiuza monga makolo amanenera, kuti kale anthu amaonapo nkhalamba ya imvi itakhala pa mwala, koma akayandikira imazimirira. Makolo athu, Amang'anja, Alomwe ndi Ayao, amakhulupirira kuti m'phirimo mumakhala mizimu, ndipo mvula ikavuta amakathira nsembe. Tonse tinakula tikumva kuti ukapeza chakudya chophikaphika m'phiri udye wekha osaitana mnzako, ndi kuti Sapitwa ndi malo osapitidwa. Ife ndife Akhristu, sitithira nsembe kwa mizimu, ndipo tinapita kumeneko wopanda mantha podziwa kuti phiri ndi madzi ake analenga ndi Mulungu. Mai Busa anatiwerengera Salimo 104, limene limayamika Mulungu chifukwa cha akasupe oyenda pakati pa mapiri, ndipo tinapemphera pomwepo. Koma pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuvomereza. Makolo aja ndi mantha aowo sanali kudula mtengo m'mbali mwa dziwe, sanali kutentha tchire la kumeneko. Ife amene tinalandira kuunika, kodi tikusamala kuposa iwo? Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti munthu anaikidwa m'munda kuti akhale wousamala. Ngati mantha a mizimu anatha, kuopa Mulungu kuyenera kugwira ntchito yoposa pamenepo.

Tiri pomwepo anganga aja anapempha kuti ayankhule. Anatikumbutsa za nthawi imene kunalibe mipopi kuno. Amai amadzuka tambala woyamba, mtsuko pamutu, kukalindira madzi pa chitsime chamatope, ndipo ana amadwala m'mimba chaka ndi chaka. Boma linayamba ntchito ya madzi a m'mipopi oyenda okha kuchokera m'phiri ku Chingale, m'boma la Zomba, m'chaka cha 1968, ndipo ntchito yachiwiri inali ya kuno ku Chambe, imene inatha m'chaka cha 1970. Inali ntchito yodzithandiza. Boma limabweretsa mapaipi ndi amisiri, koma ngalande amakumba ndi anthu a m'midzi ndi makasu ao, mudzi uli wonse gawo lake. Iwo anali mtsikana nthawi imeneyo ndipo anakumba nawo. Anati, "Ana anga, zaka zonsezi ndakhala ndikumwa madzi a m'phiri muno, koma kwao kwa madziwo ndafikako lero." Atatero anatunga ndi manja awiri, kumwa, ndi kusamba kumaso. Ambiri tinagwetsa misozi.

Madzi amenewa sitimwa ife tokha. Kuyambira m'chaka cha 2019 ena amatengedwa mu Likhubula momwemo, kuyenda m'mapaipi mpaka ku Nguludi kumene amawayeretsa, ndi kukafika kwa abale athu a ku Blantyre ndi ku Limbe. Minda ya tiyi nayonso imadalira mvula ndi mitsinje ya phiri lomweli.

Tsono mverani chimene chinatidetsa nkhawa. Otiperekeza anatilozera m'mapiri m'mwamba, ndipo tinaona malo akuluakulu akuda ndi moto wolusa, ndi zitsa pamene panali mitengo. Anatifotokozera kuti mvula ndi nkhungu ya chiperoni zikagwa pamwamba, mitengo ndi udzu zimagwira madziwo ndi kuwalowetsa pansi, ndipo amatuluka pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Nchifukwa chake tinapeza mathithi akugwabe mu September, mvula italeka kalekale. Koma pamene palibe mitengo madzi amathamanga onse tsiku limodzi, kukokolola dothi ndi miyala, ndipo pofika October mtsinje umachepa, mpopi ndi kuyamba kulira mphepo yokhayokha.

Anatiuzanso za mkungudza. Mtengo umenewu, wonunkhira ndi wosadyedwa ndi chiswe, kwao kwenikweni ndi pa phiri la Mulanje lokha pa dziko lonse la pansi, ndipo m'chaka cha 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Phirili linaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1927. Koma ngakhale ziri choncho, akatswiri atawerenga m'chaka cha 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu 7 yokha. Yonse ija inapita ndi macheka. Tsopano a bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi akufesa mbande ndi kukadzala kuphiri, koma mkungudza ndi mtengo wochedwa kukula, amene adzaone kukula kwake ndi adzukulu athu.

Sindifuna kutsegula mabala, koma nonse mukukumbukira. M'mwezi wa March 1991 madzi ndi miyala zinatsika ku Phalombe ndi kupha anthu mazanamazana, ndipo anthu anati wadutsa Napolo. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anatigweranso kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Ife a Mvano tinaphika pa maliro ambiri ndipo tinagawa zovala m'misasa. Mvula yotere palibe munthu angaiimitse, koma phiri lometedwa limaonjezera tsoka pa tsoka.

Amai anzanga, nkosavuta kuloza chala ocheka matabwa ndi ootcha makala. Koma makalawo amagula ndani? Nkhuni za kuphiri amasenza ndani? Tikudziwa kuti umphawi ndi umene umatuma, ndipo palibe mai amene angagoneke ana ndi njala chifukwa chosunga mtengo. Nchifukwa chake titabwerako sitinapangane zoletsana, koma zothandizana. Pa msonkhano wotsatira tinagwirizana mfundo zinai, ndipo zinalembedwa m'buku.

Choyamba, mai ali yense wa Mvano akhale ndi mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu. Amene amadziwa kuumba aphunzitse anzao.

Chachiwiri, tidzale nandolo wambiri m'minda mwathu, pakuti amatipatsa ndiwo, amabwezera chonde, ndipo mitengo yake ikauma ndi nkhuni.

Chachitatu, nyengo yodzala mitengo ikafika, kuyambira December mpaka April, banja liri lonse lidzale mitengo pakhomo ndi m'malire a munda, ndipo Mvano udzale yake pa tchalichi. Kudzala kokha sikukwanira, tidzayenderana kuona ngati yaphuka ndi ngati yatchingidwa kuti mbuzi zisadye.

Chachinai, tilangize ana athu aamuna za kuipa kotentha tchire pofuna mbewa ndi nyama. Apa tipempha abambo kuti mutithandize, pakuti mau anu amamveka kumene athu safika.

M'mwezi wa July 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse la pansi. Ndi ulemu waukulu kwa ife. Alendo akamabwera, ana athu operekeza ndi onyamula katundu amapeza ya sopo ndi ya fizi, amai amagulitsa nthochi ndi nanazi. Koma mlendo sangabwere kudzaona mwala wouma. Mathithi akauma, ntchito ya ana athu yauma, ndi mpopi wathu womwe.

Kwa a Mvano a m'mipingo ina amene mungafune kupita, malangizo athu ndi awa. Pitani m'chilimwe, chifukwa nthawi ya dzinja miyala imaterera ndipo mtsinje umadzaza mwadzidzidzi ngakhale kumunsi kusakugwa mvula. Nyamukani m'mamawa. Valani nsapato zogwira, osati zapulasitiki. Musapite opanda wokuperekezani, ndipo mumlipire mokwanira osanyinyirika, pakuti ndi ntchito yake. Ochokera kutali angathe kugona pa Likhubula House, nyumba ya Sinodi yathu ya Blantyre, imene iri pafupi ndi poyambira njira. Okalamba musawasiye, iwo ndi amene ali ndi mbiri.

Pomaliza ndithokoza Abusa ndi Bwalo la Akulu chifukwa chotilola, abambo amene anatsala ndi ana tsiku lija, anyamata awiri amene anatiperekeza ndi kutibweza tonse amoyo, ndi inu amai chifukwa cha kumvana kwanu, pakuti dzina lathu ndi Mvano. Pa chikondwerero chikudzachi Mlembi adzaimanso pano kuwerenga mbaula zimene zaumbidwa ndi mitengo imene yaphuka. Tiyeni tigwire ntchito kuti asadzasowe chowerenga.