Mau kwa Akulu Opuma pa Ntchito za m'Migodi

Pamene Mbusa Vlok anafika ku Salisbury m'chaka cha 1912, anadzera anthu a ku Nyasaland amene anabwera kudzafuna ntchito. Ife ndife adzukulu ao. Inu amene munakumba chrome ku Shurugwi ndi asbestos ku Zvishavane, ndi inu amene ng'anjo za ZISCO zinakuzimirani ku Redcliff mu 2008, mwapuma tsopano, ngakhale penshoni njochepa. Koma m'makomboni muli machona okalamba, ena akhungu, osafikanso ku kachisi. Mbusa mmodzi sangaŵayendere onse; ine ndayesa, ndalephera. Inu mudziŵa makomo ao ndi maina ao. Ndikupemphani masiku aŵiri pa sabata, kuti mukaŵaŵerengere Buku Lopatulika m'chinenero cha kwao.