Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsekulira Chionetsero cha Sayansi cha Sukulu za Sekondale ku Kasungu



Kuno ku Kasungu palibe amene angatiphunzitse kusankha fodya. Belo lisanapite ku okushoni ya Chinkhoma, mlimi amaunika tsamba lililonse, mtundu wake, kutalika kwake ndi malo amene linali pamtengo, n'kuliika m'giredi yake. Ana inu, luso limeneli ndi sayansi.

Akatswiri a sayansi nawonso amasankha chimodzimodzi. M'nyanja zamchere muli tizamoyo toyandama tosaoneka ndi maso. Tina, totchedwa foraminifera, tili ndi zigoba za laimu. Tina, ma diatom, zigoba zake n'zonga galasi. Tikafa, zigobazo zimamira n'kuunjikana m'matope kwa zaka mamiliyoni. Katswiri amatsuka matopewo, kuwasefa, n'kukhala pa maikulosikopu kusiyanitsa chigoba ndi chinzake poona maonekedwe, zipinda ndi timabowo take. Mtundu uliwonse uli ndi nthawi yake komanso madzi amene umakonda. N'chifukwa chake ofufuza mafuta amadalira tizigobati podziwa zaka za miyala.

Musaganize kuti izi n'zakunja kokha. M'chaka cha 2005, akatswiri, kuphatikizapo Christopher Scholz ndi Thomas Johnson a ku America, anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi ali pa chombo cha Viphya. Matope amene anatulutsa akusunga mbiri ya zaka 1.3 miliyoni. Ma diatom ndi tizigoba tina ta m'matopemo tinaulula kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, moti madzi a nyanja yathu anatsika ndi mamita oposa 500. Kwa ife odalira mvula, uwu ndi uthenga waukulu: nyengo ya dziko lino inasinthapo kale, ndipo kukonzekera n'kofunika.

Matope amenewa anakasungidwa ku Minnesota. Tikufuna Amalawi ambiri odziwa kuwerenga mbiri yotereyi. Maphunziro a za miyala ndi nthaka alipo ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba ndiponso ku yunivesite ya MUST ku Thyolo.

Makolo anzanga, nthawi yosoka fodya isamajombetse ana kusukulu. Malo a mwana, wamkazi kapena wamwamuna, ndi m'kalasi, osati m'chigafa. Ophunzira inu, limbikirani masamu ndi sayansi.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsekulidwa.