Kuiwala kwa Okalamba Si Ufiti



M'chaka cha 1906, Dr Alois Alzheimer a ku Germany anafotokoza za mayi Auguste Deter, amene anafika poiwala dzina la amuna awo. Mayiwo atamwalira, dokotalayu anapima ubongo wawo napeza kuti unali utawonongeka. Kufikira lero akatswiri amatchulabe ntchito yakeyo m'zolemba zawo, ndipo nthendayi imadziwika ndi dzina lake. Kwathu kuno, chipatala cha UTH ku Lusaka chinayamba kuphunzitsa madokotala a ubongo mu 2018.

Tsono agogo akasokera usiku, osadziwanso khomo lawo, tisawatole miyala ati ndi mfiti. Akudwala. Tipite nawo ku Kitwe Teaching Hospital, tiwasunge mwaulemu. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.